Mutu 7: Chidendene cha a Gervazio

1. Phazi pa kampando

Mu Namiwawa monse munalibe munthu wolankhula mokweza ngati a Gervazio. Eni nyumba zoyandikana nawo ankalankhula chapansipansi ngati ali m'tchalitchi, koma iwo akaitanitsa tiyi, alonda a mipanda itatu ankadzidzimuka.

Chifukwa chake anali nacho. Anafika mu Limbe kuchokera ku Nsanje ali mnyamata, atanyamula kajumbo kamodzi ndi patapata woduka chingwe. Anasenza matumba a mpunga m'sitolo ya amwenye, anakhalapo kondakitala, kenaka anagwira chiwongolero. Tsopano anali ndi malole anayi ku Makata, onse olembedwa pamphumi kuti MWANA WA NG'ONA, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Beira anafikako, ku Durban anafikako, ku Lubumbashi anagonako miyezi iwiri, ndipo konseko anasiyako mbiri.

Koma Loweruka limenelo mwana wa ng'ona anakhala pakhonde, phazi lamanzere lili pa kampando, lokulungidwa ndi chitenje.

"Ella," anaitana. "Bwera ndi maso akowo, dokotala wanga. Masula apa undiuze zimene ukuona. Mimba iyi inandilanda chidendene, ndatha zaka zisanu osachiona."

Ella anali mwana wawo woyamba, wa Fomu 3, ndipo aliyense ankadziwa kuti akufuna kudzakhala dokotala. Amayi ake, a Lucy, anali ku Nsanje ku maliro a mchimwene wawo. Choncho Ella anagwada n'kuyamba kumasula chitenjecho.

Linatsogola ndi fungo. Pansi pa chidendene panali chinthu chakuda bii, cholimba ngati mphira wa tayala, kukula kwake ngati pakamwa pa kapu ya tiyi. M'mphepete mwake munali mofiira ndi motupa, ndipo mbali imodzi munkachucha timadzi tachikasu. Phazi lonse linali lotentha mpaka m'kakolo.

Milungu itatu m'mbuyomo a Gervazio anaponda chidutswa cha lata pabwalo la malole. Sanamve kanthu. Anazindikira atavula nsapato, sokosi itamata magazi. Aloysius, dalaivala wawo wamkulu, anachita zimene madalaivala amachita panjira. Anathira mafuta a mabuleki pabalapo, n'kutsegula makapisozi awiri, n'kuwazapo ufa wake.

"Ababa, balali lakula," anatero Ella. "Tiyeni kuchipatala."

"Kuchipatala? Munthu wa shuga ngati ine akalowa kumeneko ndi miyendo iwiri amatuluka ndi umodzi. Chakudacho ndi chivundikiro chabe, mnofu wakufa. Ukachichotsa zoipa zituluka, bala lipuma mpweya. Lolemba lole yatsopano ikupita ku Beira, ndipo ulendo woyamba wa lole yanga ndimayendetsa ndekha. Si iwe unatisimbira za mnzako Hilda?"

Zinali zoona. Chaka chatha Hilda anapsa mwendo ndi ekizozi ya njinga yamoto. Ella anamuperekeza kuchipatala, ndipo anaona namwino akuchotsa mnofu wakufa ndi kampeni kakang'ono. Bala lomwe linkakana kupola linatsekeka m'milungu itatu.

"Unaona mmene amachitira, ndipo manja ako sanjenjemera," anapitiriza a Gervazio. "Usaope kundipweteka. Ine ululu ndinausiya ku Nsanje. Lata ndinaponda osamva kanthu, nanga lezala n'chiyani? Kapena udokotala wakowo ndi wapakamwa?"

Mawu omalizawo anamulasa Ella. "Chabwino, ababa. Ndichita."

"Ameneyo ndiye mwana wanga. Aloysius, liza galimoto. Gervazio sagula lezala limodzi pa okala ngati wometa mpala. Pitani ku Limbe kwa adona a Champa mukatenge paketi yonse, ndi sipiriti, thonje ndi mabandeji."

2. Paketi ya malezala

Mutayenda misika yonse kuyambira ku Chipata mpaka ku Dar es Salaam, simungapeze phokoso loposa la Limbe pa Loweruka. Maminibasi ankalira mahutala, oitanira ankakuwa Bangwe ndi Ndirande, ndipo amawilibala ankadutsa pakati pa galimoto ngati akudutsa pabwalo la kwawo.

"Usade nkhawa, chemwali," anatero Aloysius akufunafuna poimika. "Mafuta a mabuleki aja amaimitsa lole ya matani makumi atatu. Angalephere kuimitsa kabala?"

Ella sanaseke.

Sitolo ija inali yomwe a Gervazio anasenzamo matumba ali mnyamata. Tsopano ankayendetsa ndi Akshay, koma amayi ake, a Champa, ankakhalabe pa mpando wautali pafupi ndi kauntala. Anabadwira mu Limbe momwemo, Chinyanja ankachilankhula ngati madzi, ndipo anagwira unamwino zaka makumi atatu. Mu Limbe monse ankangowatchula kuti a Sisita.

A Sisita analandira kapepala kwa Ella n'kukawerenga atatsitsa magalasi pamphuno.

"Malezala, sipiriti, thonje, mabandeji. Kodi Gervazio watsegula chipatala ku Namiwawa?"

"N'zakusukulu, a Sisita."

"Sukulu yanu ikuphunzitsa kusenda mbuzi?" Anamuyang'ana Ella osaphethira. "Mwanawe, bambo ako ndinawadziwa ali ndi nthiti zowerengeka. Banja lanu silidziwa kunama. Ndani ali ndi bala?"

Ella anayang'ana pansi, kenaka ananena zonse: lata, mafuta a mabuleki, chinthu chakuda chija, ndi ulendo wa ku Beira. Aloysius anayamba kuwerenga mitengo ya sopo pa shelefu mwachidwi chachikulu.

"Phazi latupa?"

"Eya."

"Likununkha?"

"Eya."

"Mankhwala a shuga akumwa?"

"Akakumbukira."

A Sisita anavula magalasi n'kukoka kampando. "Khala apa. Nawenso, Aloysius, siya sopoyo ubwere umve."

3. Mawu a Sisita

"Zimene unaona kwa mnzakoyo n'zoona," anayamba a Sisita. "Mnofu wakufa umachotsedwa. M'thumba la anyezi, wowola mmodzi ukamusiya amawoletsa anzake. Pabala n'chimodzimodzi. Mnofu wakufa ndi chakudya cha tizilombo, umabisa mafinya, ndipo khungu latsopano silingamere pamwamba pake. Ine ndauchotsa kambirimbiri. Koma iwe unaona dzanja la namwino. Zimene zinali m'mutu mwake sunazione.

"Namwino asanagwire mpeni amayamba wafufuza ngati magazi akufika pabalapo. Iwe ndiwe mwana wa mwini malole, ndiye mvetsa. Magazi ndiwo malole a thupi. Amanyamula chakudya, amanyamula mankhwala, amanyamula asilikali olimbana ndi tizilombo. Mnzako uja ndi mtsikana, misewu yake ndi yotseguka. Koma shuga akakhalitsa m'thupi amaphwanya misewu yopita kuphazi. Ukadula pomwe malole safika, wakumba dzenje lopanda wolikwirira. Bala limangokula.

"N'chifukwa chake si chakuda chilichonse chimene timachotsa. Nthawi zina nkhanambo yakuda ya pachidendene, ikakhala youma gwaa, yosatupa, yosanunkha, yosachucha, timaisiya dala kuti itseke pakhomo, n'kumaiyang'anira. Nthawi zina sitigwira n'komwe mpeni. Timamanga ndi zonyowetsa kuti mnofu wakufawo ufewe uchoke pang'onopang'ono. Kusankha njira ndi ntchito ya munthu amene anaphunzira, atagwira phazilo ndi manja ake.

"Tsono la bambo ako latupa, latentha, likununkha. Limenelo lalowa tizilombo, ndipo mwina liyenera kutsegulidwa lero lomwe. Koma osati pakhonde, osati ndi lezala, osati ndi iwe. Pansi pa chidendene fupa lili pafupi. Udziwa bwanji pothera mnofu wakufa ndi poyambira wamoyo? Magazi akathamanga uwaimitsa ndi chiyani? Lezala lako likhoza kuperekeza tizilombo mpaka pa fupa, ndipo mwendo umene bambo ako akuopa kuutaya kuchipatala udzakhala utatayika kunyumba.

"Anthu amati kuchipatala amadula miyendo. Ine ndinali komweko zaka makumi atatu. Miyendo yambiri imene ndinaona ikudulidwa inafika mochedwa, itathiridwa kale mafuta a galimoto, mchere, phulusa, ndi zina zosatchulika."

Aloysius anakanda m'mutu. "Koma a Sisita, abwana ndi olimba. Samva ululu ngakhale pang'ono."

"Chimenecho ndiye chikundiopsa kuposa zonse. Ululu ndi mlonda wa thupi. Phazi limene silimva ndi nyumba imene mlonda wake anamwalira. Akuba amalowa, mwini nyumba akuimba nyimbo."

Kenaka a Sisita anagwira dzanja la Ella. "Gervazio sangamve mawu a nkhalamba. Muuze atsinzine, iwe ugwire nsonga za zala zake zakuphazi, chimodzichimodzi, anene akamva. Phazi lakelo limuuza lokha."

A Sisita anatambasula dzanja n'kuika zinthu ziwiri pakauntala: paketi ya malezala, ndi kagalasi koonera nkhope.

"Ino ndi sitolo. Lezala ndikakukaniza ine ukaligula pakhomo lachiwiri. Sankha wekha."

"Chemwali, tenga zimene tatumidwa," ananong'oneza Aloysius. "Abwana umawadziwa. Ine ndili ndi ana anayi."

Ella anayang'ana paketi ija kanthawi. Kenaka anatola kagalasi.

4. Zala zisanu

Atalowa pageti anapeza a Gervazio atakonzeka. Pambali pawo panali beseni la madzi otentha ndi thaulo loyera. Anali atafunda jekete ngakhale dzuwa linali pamutu, ndipo pamphumi pawo panali thukuta.

"Mwachedwa. Ndimayesa mwapita kukagula ku Joni. Bweretsa."

Ella anagwada, anatulutsa kagalasi n'kukaika pansi pa chidendene. "Taonani kaye, ababa."

A Gervazio anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Koma anadzuka n'kuseka mokweza.

"Kameneka? Ku Lubumbashi ndinaona munthu bala likuonetsa fupa, iye akusintha tayala. Malezala ali kuti?"

"Sindinagule."

 Mlonda amene ankathirira maluwa anatseka mpopi.

"Wati chiyani?"

"Sindinagule, ndipo sindidula. A Sisita akuti mnofuwo wochotsa ndi achipatala, atayamba aona ngati magazi akufika kuphazi. Akuti tipite lero."

"A Sisita." A Gervazio anamenya dzanja pa mpando. "Ndiye wapita kukandiyala pamsika wa Limbe? Mawa osenza matumba onse azidzati Gervazio wawola? Ndakutuma lezala, iwe wandibweretsera ulaliki. Ndimakuphunzitsa sukulu yodula kuti uzindiyankha?"

"Ayi, ababa."

"Aloysius, m'galimotomo muli mpeni wanga wopinda uja. Utenge, uutenthe pamoto. Udula ndiwe."

Aloysius anayenda masitepe awiri n'kuima. Anayang'ana abwana ake, anayang'ana Ella, anayang'ana kumwamba.

"Ndati tenga mpeni."

Ella anakhala pansi pasimenti n'kufungatira phazi lija pamiyendo pake. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Ababa, inu mumati simunagonjepo pa mpikisano. Tiyeni tipikisane. Mutsinzine, ine ndizigwira zala zanuzi chimodzichimodzi. Mukamva muziti apo. Mukamva zonse zisanu, ine sindidzatchulanso chipatala pakhomo pano. Mukaphonya, tikwera galimoto."

A Gervazio anamuyang'ana, kenaka pakamwa panayamba kumwetulira. Mpikisano sankatha kuukana.

"Wamva, Aloysius? Ukhale mboni. Ine ndimamva kamwala kakalowa m'tayala lakumbuyo ndili pa chiwongolero. Ndilephere kumva dzanja la mwana wanga?"

Anatsamira pa mpando n'kutsinzina.

Ella anagwira nsonga ya chala chaching'ono. Anadikira. A Gervazio anali duu. Anagwira chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Anafika pa chala chachikulu, anachigwira, kenaka anachifinya ndi mphamvu zake zonse mpaka chikhadabo chake chinayera.

"Yamba, mwanawe," anatero a Gervazio ali chitsinzinire. "Ndikudikira. Kapena wachita mantha?"

Ella anapitiriza kufinya.

"Ella, ndati yamba."

"Bwana," anatero Aloysius ndi mawu osasa. "Wamaliza kale."

A Gervazio anatsegula maso. Anaona dzanja la mwana wawo litafinya chala chawo, mitsempha ya padzanjapo itaima. Anayang'ana ngati akuona phazi la munthu wina.

"Finyanso."

Ella anafinya.

"Kwambiri."

"Ndafika pomaliza, ababa." Misozi inali itayamba kutsika.

Kwa nthawi yoyamba chibadwire cha Ella, bambo ake analankhula motsitsa moti mlonda sanamve.

"Ndimayesa ndi mphamvu," anatero. "Zaka ziwiri zonsezi ndimayesa ndi mphamvu."

Anatola thaulo lija n'kuliponya m'beseni. "Aloysius, bweretsa galimoto pafupi."

5. Ng'oma ya kutali

Kuchipatala anaonedwa ndi dokotala wachinyamata, a Abdala. Sanathamangire bala. Anayamba afunsa za shuga, anayeza kutentha kwa thupi, kenaka anaika zala zawo pamwamba pa phazi n'kukhala chete. Anazisuntha n'kuziika kuseri kwa kakolo. Ella anawerenga mumtima mpaka makumi anayi.

"Mtsempha ukugunda," anatero a Abdala. "Chapansipansi, ngati ng'oma ya kutali, koma ukugunda."

Anavala magolovesi n'kudina pambali pa chinthu chakuda chija. Mafinya anatuluka ambiri kuposa mmene Ella ankaganizira.

"Munathirapo chiyani apa?"

Aloysius anatsokomola pakhomo. "Timafuta pang'ono, adokotala. Ta mabuleki."

"Timafuta timeneto tinawotcha mnofu umene unali wamoyo. Musadzathirenso pa munthu." A Abdala anatembenukira kwa a Gervazio. "Bambo, mnofu wakufawu uyenera kuchoka, ndipo uchoka lero, ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Pansi pake pali mafinya, ndipo tiyenera kuona ngati afika pa fupa. Mugona kuno masiku angapo, mukulandira mankhwala a m'mitsempha."

A Gervazio anadzutsa mutu. "Wamva, Ella? Ndinanena ine kuti chichoke. Ndikanapita kusukulu bwenzi chipatala chino chili changa."

"Chochotsa munachidziwa," anayankha a Abdala akulemba. "Munaphonya wochotsa ndi malo ochotsera. Ndani anakubweretsani?"

"Mwana wosamvera uyu."

"Muzimusunga."

A Gervazio anaseka pang'ono, koma kuseka kunathera panjira. Anagwira mkono wa dokotala.

"Achimwene, ndiuzeni ngati mwamuna mnzanu. Mwendowu ndituluka nawo?"

"Sindilonjeza zimene sindinaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwafika magazi akufikabe kuphazi, ndipo bala silinasokonezedwe ndi mpeni. Zimenezo zili kumbali yanu. Zotsalazo tidziwa tikatsegula."

Dzuwa litapendeka anamwino awiri anabwera ndi bedi la matayala. A Gervazio anagona chagada, atavala chovala chobiriwira chomanga kumbuyo, chomwe sichinakwane pamimba. Anaoneka aang'ono. Anakodola Ella, n'kumuika m'manja foni yawo ndi makiyi a lole yatsopano.

"Makiyiwa upatse Aloysius. Ku Beira apite yekha, koma akakanda penti yanga asabwerere." Anapuma. "Ndipo amayi ako asadziwe. Angoika kumene mchimwene wawo m'manda. Mtima wawo uja sungasenze ziwiri. Akaimba uwauze kuti ndili ku Makata, ndikukonza lole. Wamva?"

"Ababa..."

"Lero wandikana kamodzi, ndipo wachita bwino. Usandikane kawiri. Lonjeza."

Bedi linayamba kuyenda Ella asanayankhe. Zitseko ziwiri zinatseguka, zinameza mwana wa ng'ona, n'kutsekeka.

Ella anakhala pa benchi, makiyi kudzanja lina, foni kudzanja lina. M'thumba la siketi munali kagalasi kaja. Aloysius anaima pazenera akupotokola chipewa chake.

Sipanapite mphindi khumi, foni inayamba kulira. Ella anayang'ana. Panalembedwa zilembo zazikulu, monga a Gervazio ankalembera chilichonse: LUCY WANGA.

Inalira mpaka kuduka. Inayambanso.

"Ndi adona," anatero Aloysius osatembenuka. "Akaimba kawiri ndiye kuti amva kanthu. Uwauza chiyani, chemwali?"

Ella anayang'ana zitseko zija. Zinali zotsekabe. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anakweza foni kukhutu, n'kudina.